Mikango ya ku Majete

Kodi mudaonapo anapiye ofanana pa chilichonse? Ngakhale a nkhuku imodzi amasiyana maŵanga ndi mphamvu. Kusiyanaku n'kofunika, pakuti nthenda ikagwa, ena amafa koma ena amapirira, ndipo mtundu sutha.

M'nkhalango ya Majete, m'boma la Chikwawa, mikango idaatheratu chifukwa cha alenje. M'chaka cha 2012 adabweretsamo mikango itatu yochokera ku South Africa, iŵiri yaimuna ndi umodzi waukazi. Patapita nthaŵi waukaziwo udaswa ana, ndipo anthu adakondwa.

Komabe oyang'anira nkhalangoyo adali ndi nkhaŵa, popeza ana onsewo adali a mimba imodzi. Nyama zapachibale zikamaberekana zokhazokha, chilema chobisika m'magazi a makolo chimafika kwa mwana kuchokera kwa atate ndi amayi omwe, ndipo chimaonekera poyera. Ana otere kaŵirikaŵiri amabadwa ofooka, sachedwa kudwala, ndipo ena sabereka. Choncho m'chaka cha 2018 adabweretsanso mikango ina yachilendo kuti magazi asakanikirane.

Nzeru imeneyi ilinso kumudzi kwathu. Mlimi wochenjera salola tonde mmodzi kukhalitsa m'khola mpaka kubereka ndi ana ake omwe. Iye amasinthana tonde ndi mnzake wa m'mudzi wina.

Mafunso

1. Kodi mikango yoyamba ija idachokera kuti?
2. N'chifukwa chiyani oyang'anira nkhalango adali ndi nkhaŵa?
3. Fotokozani ubwino wosinthana tonde.