Malangizo: Loweruka la banja latsopano

Lero ndikulankhula ndi inu amene mwangolowa kumene m'banja.

Loweruka limathera ku zinkhoswe, maukwati ndi kuchapa. Lamulungu kutchalitchi, masana bambo ulendo ku mpira. Nanga awirinu mucheza liti? Patulani Loweruka limodzi pamwezi, achibale adziwiretu kuti tsikulo simupezeka, pokhapokha kutagwa zovuta.

Sizilira ndalama zambiri ayi. A ku Blantyre, lawirirani minibasi ya ku Mulanje, mukayende kuchokera pa Likhubula mpaka pa Dziwe la Nkhalamba. Madzi ake ndi ozizira zedi, ndipo nyengo ya mvula amathamanga, ndiye osamangodumphiramo. A ku Lilongwe, ku Senga Bay mukhoza kupita n'kubwerako tsiku lomwelo. Nyamulani mbatata yophika ndi thobwa, za thiransipoti muziikiretu padera malipiro akangotuluka.

Bambo, ngati mumafera Bullets kapena Manoma, tsiku lina atengeni mayi mukaonere limodzi. Koma sabata inayo nanunso mulole akuphunzitseni zomwe iwo amakonda, kaya ndi kwaya, kaya kubzala maluwa. Ndipo chonde, mukafika kokacheza, foni zilowe m'chikwama.