Maliwu atatu okha: tisanthule nyimbo ya Zelda's Lullaby

Ophunzira ambiri mukapatsidwa ntchito yopeka kanyimbo, mumathamangira kudzaza maliwu ochuluka, poganiza kuti kuchuluka ndiko kukoma. M'phunziro lino tiona kanyimbo kamene mutu wake uli ndi maliwu atatu okha. Tikamati liwu tikunena chimene oimba amachitcha notsi.

Kanyimboka kamatchedwa Zelda's Lullaby, ndipo kamachokera m'masewera a pa kanema a The Legend of Zelda, opangidwa ndi kampani ya Nintendo ya ku Japan. Anakapeka ndi Koji Kondo, yemwenso anapeka nyimbo za Super Mario Bros. za mu 1985. Kanamveka koyamba mu 1991 m'sewero la A Link to the Past, koma kanatchuka kwambiri mu 1998 m'sewero la Ocarina of Time. Nkhani yake ndi yanthano: mnyamata wina dzina lake Link akuyesa kupulumutsa ufumu wa Hyrule, ndipo Zelda ndi mwana wamkazi wa mfumu. Mlezi wa Zelda, Impa, ndiye amaphunzitsa Link nyimboyi, yomwe ankagonetsera nayo Zelda ali khanda.

M'sewero la 1998, wosewera samangomvetsera ayi, amaimba yekha. Link ali ndi ocarina, kachitoliro kobulungira kamene kawirikawiri kamaumbidwa ndi dongo, ndipo wosewera amakaliza podina mabatani asanu. Batani lililonse lili ndi liwu lake: D, F, A, B ndi D wina wapamwamba. Apa ndiye panali vuto la Kondo. Nyimbo iliyonse imene wosewera angaphunzire inayenera kuyamba ndi maliwu ochokera mwa asanu amenewa, ikhale yaifupi moti mwana n'kuisunga pamtima, komanso isafanane ndi inzake. Popanda kuimba nyimboyo sangapitirire, chifukwa pali makomo amene amatseguka pokhapokha itaimbidwa. Mwachitsanzo, mathithi otchinga njira yopita kwa mtundu wa Zora amapatuka Link akaimba nyimbo ya Zelda.

Tiyeni tione kapangidwe kake. Nyimboyi ili mu kiyi ya G, ndiye kuti G ndiye do wathu. Imayambira pa mi, imakwera kupita pa so, kenako imagwa kufika pa re. Ngati muli ndi kiyibodi pafupi, werengani makiyi onse, oyera ndi akuda omwe: kukwerako ndi masitepe 3, kugwako ndi masitepe 5. Choncho nyimbo imathera masitepe 2 pansi pa pomwe inayambira. Kukwera pang'ono, kutsika kwambiri. Ndi mmene amachitira mayi akamagwedeza mwana kumsana: amamunyamulira m'mwamba pang'ono, kenako n'kumusiya atsike mofatsa.

Kagundidwe kake n'kothandizanso. Timawerenga kutatu: 1, 2, 3, 1, 2, 3. Liwu loyamba limatenga kugunda kuwiri, lachiwiri kumodzi, lachitatu limakhalitsa. Onani kuti liwu lokwera kwambiri ndilo lalifupi. Nyimbo siyikhalitsa pamwamba, imangogundapo n'kubwerera.

Tsopano chimene ine ndimachiona chanzeru kuposa zonse ndi ichi. Do ndiye kwawo kwa nyimbo, pamene khutu limamva kuti tafika. Koma mwa maliwu atatu aja mulibe do. Yang'ananinso mabatani asanu aja: G mulibemo n'komwe. Wosewera alibe batani lofikitsa nyimbo kwawo. Makina akatenga nyimboyo n'kuipitiriza, do amamveka, koma mongodutsa mofulumira pobwerera ku mi. Malo opumirapo ndi re, amene ali pafupi kwambiri ndi do, ngati munthu amene wafika pakhonde la nyumba yake koma sanalowe. Khutu limadikira sitepe yotsalayo, siyibwera, ndipo nyimbo imayambiranso. N'chifukwa chake imatha kuzungulira kangapo m'sewero popanda kutopetsa. Pa nyimbo yogonetsera mwana zimenezi n'zoyenera, pakuti mlezi sadziwa kuti mwana agona liti.

Kachitatu pamachitika chinthu china. Nyimbo imayamba monga kale, ndipo womvera, poti wazolowera kawiri, akuyembekeza kugwa kuja. M'malo mwake imalumpha m'mwamba kukagwira re yemweyo, koma wapamwamba. Dzina la liwu ndi lomwelo, malo ndiwo asintha. Kuchokera pamenepo imatsika pang'onopang'ono mpaka kukapumanso pa re wapansi. Kudabwitsaku kumagwira mtima chifukwa wopeka anayamba watizoloweza kaye. Akanalumpha koyambirira, sitikanamva chachilendo.

Wina angafunse kuti kodi mphamvu ili m'maliwu atatuwo kapena m'kasanjidwe kake? Sewero lomweli likutiyankha. Muli nyimbo ina, Epona's Song, imene Link amaitanira nayo hatchi yake. Mabatani ake ndi atatu omwewo a nyimbo ya Zelda, koma imayambira pamwamba n'kumangotsika, osakwera kaye. Imamveka ngati munthu akuitana chiweto kubusa. Mu 2011 anthu opeka nyimbo ku Nintendo anachita zoposa pamenepa. Nyimbo yaikulu ya sewero la Skyward Sword, yotchedwa Ballad of the Goddess, ndi nyimbo ya Zelda yomweyi yoimbidwa chobwerera, kuyambira kumapeto. Yogonetsa mwana ija inasanduka nyimbo yaulemerero, ndipo ambiri anazindikira zimenezi ataitembenuza pa kompyuta.

Ntchito yanu ndi iyi, ndipo siyifuna chida chilichonse koma mawu anu ndi manja. Khalani awiriawiri. Sankhani maliwu atatu mwa do, re, mi, so ndi la, koma musathere pa do. Mmodzi aombe m'manja kutatu, winayo aimbe maliwuwo kawiri mofanana, kachitatu asinthe liwu limodzi lokha. Kenako sinthani dongosolo la maliwu omwewo, mupekenso kanyimbo kachiwiri. Imbirani gulu lina tonse tiwiri kamodzi kokha, mudikire mphindi zisanu, muwapemphe akuimbireni. Lembani m'kope kuti ndi kati kamene akumbukira, anaphonya pa liwu liti, komanso ngati pomaliza anathawira ku do ngakhale inu simunafikeko.