Ku Likoma kapena ku Zilumba za Cape Maclear? Malangizo kwa Ochokera ku Mandala

Yambani mwawerenga masiku a tchuthi chanu. Paulendo wodalira basi ndi sitima, masikuwo ndi amene akusankhireni kopita.

Ngati muli ndi masiku atatu okha, lunjikani ku Cape Maclear. Lawirirani ku depoti ya ku Limbe, mukwere minibasi yodzera ku Zomba ndi ku Liwonde. Mufunse kondakitala ngati ikufika ku Monkey Bay, chifukwa zambiri zimathera pa Mangochi boma, n'kukusiyani mukusaka ina dzuwa likuswa mtengo. Mukafika ku Monkey Bay, wa kabaza wa njinga yamoto akakutulani m'mudzi wa Chembe. Zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zili mu Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 1984, ndiye konzani ndalama yolowera. Mtengo wa boti mugwirizane mukadali pamchenga, ndipo osakwera popanda jekete loyandamitsa. Ku Thumbi, timbuna tobiriwira ndi tachikasu timazungulira miyendo yanu pakati pa miyala. Mukabwerako, kayezetseni likodzo.

Likoma ndi Chizumulu zimafuna sabata yathunthu, ndipo ngati muli nayo, ine ndingati pitani kumeneko. Zilumba ziwirizi n'za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Choyamba, funsani ku ofesi ya sitima ku Monkey Bay ngati sitima ya Ilala ikuyenda sabata imeneyo. Inayamba ntchito mu 1951, ndipo nthawi zina imaima kuti ikonzedwe. Ngati yaima, kwerani basi ya ku Mzuzu pa Wenela, mutsetsereke ku Nkhata Bay komwe kumanyamuka maboti opita kuzilumbazi. Tsiku lobwerera mulidziwe musananyamuke, n'kuikapo lina lapadera. Tengani ndalama zapamanja, bulangete ndi kamba, chifukwa m'sitima mugonamo ndipo usiku panyanja pamazizira.

Mukakocheza ku Likoma, kaoneni tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's ku Chipyela, chomwe ntchito yochimanga inayamba mu 1903. Pitani Lamulungu, mukamve nyimbo zikudzaza nyumba yonseyo, kenaka muziyenda pang'onopang'ono pansi pa milambe.

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera umavuta. Ngati muli ndi ana aang'ono kapena okalamba, Likoma muisungire Seputembala kapena Okutobala.