Ulendo wa Pandege Kuchokera ku London Kupita ku New York

Tikamaphunzira Jogirafe, ambiri a ife timaganiza kuti ulendo wopita ndi wobwerera uyenera kutenga nthawi yofanana, popeza mtunda wake ndi womwewo. Pa ndege sizili choncho ayi. Tiyeni tione chitsanzo cha mizinda iwiri yotchuka, London ku England ndi New York ku America.

Pakati pa mizinda imeneyi pali nyanja yaikulu ya Atlantic, ndipo mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 5,570. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimauluka pa liwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola. Aphunzitsi a Masamu anatiuza kuti tikafuna nthawi timagawa mtunda ndi liwiro. Tikagawa 5,570 ndi 900 tipeza maola 6 ndi mphindi pafupifupi 11. Komatu ulendo wopita ku New York umatenga maola pafupifupi 8, pamene wobwerera ku London umatenga pafupifupi 7. Chachitika n'chiyani?

Choyamba, ndege imayenda pang'onopang'ono ponyamuka ndi potera, ndiponso nthawi zina imadikira mpata pabwalo. Chachiwiri ndi mphepo. Kumwamba, pa makilomita pafupifupi 10, kumawomba mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, imene imachokera kumadzulo kunka kum'mawa. Ndege yopita ku New York imalimbana ndi mphepoyi monga munthu wopalasa bwato mokwera mtsinje wa Shire. Yobwerera ku London imakankhidwa kumbuyo ngati bwato lotsetsereka ndi madzi. M'mwezi wa February 2020 mphepoyi inalimba kwambiri, kotero kuti ndege ya British Airways inafika ku London kuchokera ku New York m'maola 4 ndi mphindi 56 zokha.

Panalinso ndege ina yotchedwa Concorde imene inkathamanga kuposa makilomita 2,000 pa ola. M'chaka cha 1996 inayenda ulendo womwewu m'maola osakwana 3. Ndegeyi inasiya kugwira ntchito mu 2003.

Nanga njira yake imadutsa kuti? Tengani gulobu ndi ulusi. Ikani nsonga imodzi pa London, inayo pa New York, ndipo kokani ulusiwo kuti uwongoke. Mudzaona kuti ukudutsa ku Ireland ndi kum'mawa kwa Canada. Pa mapu a m'buku njirayi imaoneka yokhota, koma ndiyo yachidule chifukwa dziko lapansi ndi lobulungira.

Chomaliza, chimene chimasokoneza apaulendo ndi ophunzira omwe, ndi kusiyana kwa nthawi. Pafupifupi chaka chonse wotchi ya ku New York imatsalira ndi maola 5 poyerekeza ndi ya ku London. Munthu akanyamuka ku London 10 koloko m'mawa n'kuuluka maola 8, adzafika 6 koloko madzulo pa wotchi yake, koma ku New York ikhala ili 1 koloko masana. Wokamchingamira akaiwala zimenezi adzachedwa ndi maola 5, mlendo ali kakasi pabwalo. Nayenso wophunzira akaiwala pa mayeso, malikisi apita.

Tsono anzanga, yesani funso ili. Ndege yanyamuka ku New York 9 koloko usiku ndipo yauluka maola 7. Kodi ikamatera ku London nthawi ili bwanji kumeneko? Kumbukirani kuti popita kum'mawa timawonjezera maola, osati kuchotsera.