Kulemba Makoma a Nyumba Pamodzi ndi Ana

Chimanga ndi mapira zikalowa m'nkhokwe, thonje n'kugulitsidwa, khasu limayamba lapuma ndipo m'midzi mumayamba zochitika: maukwati, zinamwali, misonkhano ya mpingo, komanso Malaila, mwambo wa Akunda umene umasonkhanitsa anthu a kwa Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama. Alendo amachuluka. Ku Kawaza, m'dera la Mfumu Yaikulu Nsefu, amachuluka koposa, chifukwa kuyambira mu 1997 mudziwu umalandiranso azungu ndi ena obwera kudzaona nyama ku South Luangwa, amene amagona m'nyumba zaudzu n'kumadya nsima ndi eni mudzi. Nyengo yozira ndi kulemba makoma ndi imeneyi. Koma mayi, ntchitoyi musaigwire nokha ana akungoonerera. Apatseni mbali yawo.

Yambani mu June kapena July, kunja kukadali kozizirirapo. Mukadikira October, pamene kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa kumapitirira madigiri 40, dothi limauma lisanagwire khoma, ndipo mawa lake mupeza lang'ambikang'ambika.

Mitundu ya utoto ili pafupi. Katondo amapereka wofiira. Wakuda umachokera ku mtsiro wa kudambo, ndipo mukafuna kuti ude bii, sinjani makala n'kusakanizamo. Woyera ndi phulusa losefa bwino, makamaka la nkhuni za mopane zimene zimasiya phulusa loyera mbee, kapena laimu ngati muli ndi kandalama. Dothi lachikasu limapezeka m'magombe ena a mitsinje youma. Funsani agogo, iwo amadziwa pamene ankakumba ali atsikana. Dothi lakuda lomata kwambiri la m'zigwa, lija limang'aluka mipata m'chilimwe, musaligwiritse ntchito lokha. Limafufuma likanyowa n'kukhwinyata likauma, ndiye pakhoma lidzachitanso chimodzimodzi. Thiranimo mchenga wosalala, mbale imodzi pa mbale ziwiri za dothi, muyese kaye pakona n'kuona mmene laumira.

Pokakumba dothi pasapite mwana yekha. Kuno njovu zimadutsa m'njira zomwe ife timadutsa, makamaka m'mamawa ndi chakumadzulo, ndipo m'mathamanda otsalira m'mitsinje mumakhala ng'ona. Pitani gulu, dzuwa litakwera, ndipo mubwerere lisanapendeke.

Kunyumba, phwanyani zibuma, sefani kuti miyala ndi mizu zichoke, mtundu uliwonse muuviike m'chidebe chakechake usiku wonse. M'mawa vundulani mpaka likhale ngati phala la mwana. Likalimba kwambiri limasweka, likachuluka madzi limayenderera n'kuipitsa zimene mwalemba m'munsi. Khoma mulisese, mumate ming'alu ndi mabowo a chiswe, kenako muliwaze madzi pang'ono, chifukwa khoma louma gwa limamwa madzi a m'dothi nthawi yomweyo. Pakani ndi nsanza mtundu wa pansi ponseponse, muusiye uume tsiku lathunthu. Za maluwa ndi mizere zibwere mawa.

Tsono kugawa ntchito. Ana aang'ono, a zaka zitatu kapena zinayi, ntchito yawo ndi kudinda: aviike chikhatho m'katondo n'kumata pakhoma, kapena adinde ndi chitsononkho. Okulirapo atafune nsonga ya kamtengo mpaka ikhale ngati mswachi, ndiyo burashi yawo. Wa kusukulu amene akuphunzira masamu mupatseni chingwe ndi msomali, akoke mzere wowongoka kuzungulira nyumba ndi kuyeza kuti tizithunzi ta makona atatu tifanane kukula. Pamenepo adzaona kuti zimene amalemba m'kope pa sukulu ya Kawaza zili ndi ntchito. Anyamata musawathamangitse ati kuzira ndi kwa akazi. Amene amaumba ng'ombe zadothi ndi kupinda magalimoto amawaya ndi omwewo, dzanja lawo ndi lozolowera kale.

Pali chinthu chimodzi chimene makolo ambiri timalakwitsa. Mwana akajambula njovu ya miyendo isanu kapena nyamalikiti wa khosi lopindika, timatenga nsanza n'kufufuta, poopa kuti alendo atiseka. Mwana wotereyo chaka chamawa sadzagwiranso dothi. Ngati mukufuna kuti kumaso kwa nyumba kuoneke mwadongosolo, kumeneko lembani inu ndi agogo, mizere ya pabanja panu imene munaphunzira kwa amayi anu, ana akuyang'ana ndi kuthandiza kudzaza mitundu. Koma khoma la kuseri, la kukhitchini ndi la nkhokwe likhale lawo, ndipo zimene alembapo zikhale momwemo. M'malo mokonza, funsani: “Kodi njovuyi ikupita kuti?” Mudzamva nkhani yonse, mwina ya usiku uja njovu zinabwera kudzathyola mango kuseri kwa nyumba. Madzulo pamoto agogo akhoza kuyambira pomwepo nthano ya Kalulu ndi Njovu.

Pakhonde ndi pansi zirani pomaliza, mukulunge ndi mwala wosalala dothi lisanaumiretu. Ana amaikonda ntchito imeneyi chifukwa kuwala kwake amakuona pompo.

Amene akufuna china choti mwana anyamule popita ku Malaila kapena apatse azakhali obwera ku ukwati angayese njira imene amagwiritsa ntchito ku Tribal Textiles ku Mfuwe, kumene amajambula nsalu ndi phala la fulawa, kuziyanika padzuwa, kupaka utoto, kenako n'kuchotsa phalalo kuti patsale mizere yoyera. Kunyumba zimatheka. Sakanizani fulawa ndi madzi ozizira popanda zibuma, thirani m'botolo lapulasitiki lobowola pachitsekero, mwana alembe pa nsalu yoyera yathonje yochapa kale. Ikauma, pakani utoto wa nsalu m'mipata, womwe umagulidwa m'masitolo. Wa dothi pano sugwira, umachoka pa kuchapa koyamba. Utoto ukauma, sitani kuseri kwa nsaluyo ndi simbi yamakala kuti ulowerere, simbiyo agwire wamkulu. Kenako viikani m'madzi, palani phalalo ndi supuni, muyanike pamthunzi. Poyanika koyamba paja, nsalu ikhale patali ndi mbuzi ndi nkhuku, chifukwa fungo la fulawa zimalimva msanga.