Taima ya Owombera Chandamale: Idziweni Musanaganize Zogula Mfuti

Kapepala aka talembera anthu a ku Kaunda Square Stage 1 ndi Stage 2 mu Lusaka, komanso anansi awo a ku Chelstone, Mtendere ndi Kalingalinga, amene amva za masewera owombera chandamale ndi pisitolo ndipo akufuna kudziwa poyambira. Ambiri akangomva za masewerawa amathamangira kufunsa mtengo wa mfuti. Mfuti imabwera pambuyo. Chida choyamba kuchidziwa ndi taima, chifukwa ndiyo imaweruza mpikisano, ndiyonso imaphunzitsa munthu ngakhale asanawombepo chipolopolo ndi chimodzi chomwe.

Masewerawa ndi otani?

Amayendetsedwa ndi bungwe la IPSC, limene linakhazikitsidwa mu 1976 ku Columbia, m'chigawo cha Missouri ku America, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Jeff Cooper. Kuno kumwera kwa Africa si achilendo. Mpikisano wa dziko lonse wa 1977 unachitikira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo anapambana ndi Dave Westerhout wa m'dziko lomwelo. South Africa yalandirapo mpikisanowu mu 1979, 1981, 2002 ndi 2025.

Wowombera saima malo amodzi. Amayenda m'bwalo lokonzedwa, kusuzumira pazenera, kugwada, kusintha magazini, uku akulasa zandamale za makatoni ndi zazitsulo. Gawo lalifupi limafuna zipolopolo zosapitirira 12, lapakati 24, lalitali 32. Zimene amayesa ndi zitatu: kulunjika, mphamvu ya chipolopolo, ndi liwiro. Liwirolo ndiye ntchito ya taima.

Maonekedwe ake ndi ntchito yake

Taima ndi kabokosi kokwana m'dzanja ngati foni ya mabatani. Ili ndi galasi losonyeza manambala, mabatani ochepa, kachipangizo koliza belu, ndi maikolofoni. Mukadina batani imalira kuti piii, n'kuyamba kuwerenga. Mfuti ikalira, maikolofoni imamva ndipo taima imalemba nthawi ya kulirako. Imagawa sekondi imodzi m'zigawo 100, choncho mumaona manambala onga 1.43 kapena 9.07. Mitundu yodziwika ndi monga CED7000, PACT Club Timer, Pocket Pro ndi AMG Commander.

Mukamaliza kuwombera, taima imakuuzani zinthu zinayi: nthawi imene munatenga kuchokera pa belu kufika pa chipolopolo choyamba, mpata wa pakati pa chipolopolo china ndi chinzake, chiwerengero cha zipolopolo zonse, ndi nthawi ya chomaliza. Ya chomalizayo ndiyo imalembedwa pa mpikisano. Zinazo ndi zanu zophunzirirapo. Munthu amene akuganiza kuti chala chake n'chaulesi kawirikawiri amapeza kuti masekondi akuthera poyenda ndi posintha magazini.

Pa bwalo zimayenda chonchi

Taima imakhala m'manja mwa woyang'anira bwalo, amene owombera amangomutcha RO. Malamulo ake amanenedwa m'Chingerezi, ndiye aloweni pamtima.

1. "Load and make ready." Apa m'pamene mwaloledwa kugwira mfuti, kuikamo magazini, ndi kuibwezera m'thumba lake la m'chiuno.
2. "Are you ready?" Mukakhala chete, ndiye kuti mwavomera.
3. "Standby." Belu lilira pakati pa sekondi imodzi ndi masekondi anayi kuchokera apa.
4. Belu likalira, yambani. RO amakutsatirani pambuyo atanyamula taima pafupi ndi inu kuti imve chipolopolo chomaliza.
5. "If you are finished, unload and show clear." Chotsani magazini, tsegulani mfuti, muonetseni kuti mulibe kanthu.
6. "If clear, hammer down, holster." Lozani ku zandamale, kokani tiriga mfuti ili yopanda kanthu, ibwezereni m'thumba.
7. "Range is clear." Tsopano anthu akhoza kupita kukawerenga mapointi.

Amene waloza mfuti cham'mbuyo kupyola mzere wa m'mbali, wayenda kapena kusintha magazini chala chili pa tiriga, kapena wagwira zipolopolo pa tebulo loyeretsera mfuti, amachotsedwa mu mpikisano wonse tsiku lomwelo. Palibe kupepesa. Magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu valani nthawi zonse, ndipo chandamale chachitsulo musachiwombere muli pafupi kuposa mamita 7, chifukwa tizidutswa timabwerera.

Masamu a mapointi

Chandamale cha katoni chili ndi zigawo zitatu. Pakati, pa A, ndi mapointi 5. Pa C ndi 3 kwa wa zipolopolo za mphamvu yochepa, zotchedwa Minor, 4 kwa wa zamphamvu kwambiri, zotchedwa Major. M'mphepete, pa D, ndi 1 kwa wa Minor, 2 kwa wa Major. Kuphonya kumachotsetsa mapointi 10, chimodzimodzinso kulasa chandamale choletsedwa. Mapointi onse amagawidwa ndi masekondi a pa taima, ndipo wa nambala yaikulu ndiye wapambana.

Tiyerekeze gawo la zandamale 6, zipolopolo 12, onse akuwombera Minor. Woyamba walasa pa A ponseponse: mapointi 60 m'masekondi 12, zotsatira zake 5.00. Wachiwiri walasa pa A kasanu n'katatu, pa C kanayi: mapointi 52 m'masekondi 9, zotsatira zake 5.78. Wachitatu wathamanga masekondi 8, koma waphonya kamodzi: mapointi 49 kuchotsapo 10, atsala 39, zotsatira zake 4.88. Wosamala kwambiri wagonja, wopupuluma wagonjanso. Malo oyenera kuimapo pakati pa awiriwa simungawapeze pongoganizira. Muwapeza ndi taima ndi kope lolembamo.

Kuyeserera popanda zipolopolo

Taima iliyonse yabwino ili ndi belu lachiwiri. Mumaitchera kuti ilire koyamba pa nthawi imene simukuyembekezera, kenako ilirenso pakatha, tinene, masekondi awiri. Ntchito yanu ndi kumaliza chimene mukuyeserera belu lachiwiri lisanalire: kusolola mfuti m'thumba n'kulunjika kapepala komata pakhoma, kapena kuchotsa magazini n'kuikamo ina. Mukakwanitsa kakhumi motsatizana dzanja lisakugwedera, chepetsani nthawi pang'ono. Mphindi 15 patsiku n'zokwanira. Lembani tsiku ndi nambala.

Kwa amene ali kale ndi mfuti ya laisensi, pali malamulo a m'nyumba. Zipolopolo zonse zikhale zokiyiridwa m'chipinda china. Onani mfuti kawiri, ndi diso ndi chala, kuti mulibe kanthu. Tsekani chitseko ndi makatani, ana asakhalepo. Mukanena kuti ndamaliza, mwamalizadi. Ngozi zambiri zimadza munthu atabwezeramo magazini kenako n'kuti ndiyeseko komaliza. Nyumba za ku Kaunda Square n'zothinana, ndipo kuseri kwa khoma lanu kuli mwana wa mnansi akuchita homuweki. Chipolopolo chenicheni chimawomberedwa pa bwalo lovomerezeka basi, ngakhale usiku wa Chaka Chatsopano.

Amene alibe mfuti akhoza kuyeserera mayendedwe: kunyamuka belu likalira, kufika pamzere, kuima osadzandira. Palinso IPSC Action Air, imene imatsata malamulo omwewa ndi mfuti za mpweya zoponya timipira ta pulasitiki; mpikisano wake woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Hong Kong mu 2018. Koma mfuti zimenezi zimafanana kwambiri ndi zenizeni. Musayende nazo poyera pamsika kapena m'minibasi.

Kuisamala ndi kukonza zovuta

Ikawerenga zipolopolo zambiri kuposa zimene mwawombera, ndiye kuti ikumva phokoso lobwerera kuchokera pakhoma kapena mfuti za bwalo loyandikana nalo. Chepetsani mphamvu ya maikolofoni. Ikamadumpha zina, onjezerani mphamvuyo kapena isendezeni pafupi. Kabowo ka maikolofoni musakatseke ndi chala. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limalowa m'mabatani, choncho isungeni m'kathumba, ndipo nthawi ya dzinja ikulungeni m'pulasitiki. Ya batire yochotsa, chotsani batireyo ngati simuigwiritsa ntchito kwa milungu. Yotchaja, itchajeni malaiti akadalipo, osadikira m'mawa wa mpikisano. Mapulogalamu a pafoni amathandiza pa kuyeserera kwa m'nyumba, koma pa bwalo amaphonyaphonya. Anthu atatu kapena anayi akhoza kusonkherana n'kugula taima imodzi.

Kusankha gulu

Mumapikisana ndi anthu a zida zofanana ndi zanu. M'magulu onse chipolopolo sichichepera 9mm.

Production: mfuti monga inachokera ku fakitale, yopezeka pa mndandanda wovomerezeka wa IPSC, ya mitundu ngati CZ, Glock ndi Tanfoglio. Magazini isapitirire zipolopolo 15 poyamba, ndipo onse amawerengedwa Minor. Woyamba kumene ayambire pano.

Production Optics: yofanana ndi yapamwambayi, koma ili ndi kagalasi ka kadontho kofiira. Imathandiza amene maso ayamba kufooka.

Standard: kusintha zambiri n'kololedwa, koma yopanda kagalasi, ndipo mfuti ili ndi magazini yake iyenera kukwana m'bokosi la mamilimita 225 m'litali, 150 m'lifupi, 45 kuzama. Wofuna Major amagwiritsa chipolopolo chachikulupo, monga .40.

Classic: mfuti za mtundu wa 1911, zipolopolo 8 kwa wa Major, 10 kwa wa Minor.

Revolver: mfuti ya mgolo wozungulira. Imafuna dzanja lozolowera kulongedza msanga.

Open: kagalasi, chochepetsa kudumpha kwa mfuti, magazini ofika mamilimita 170. Ndilo gulu lodula kuposa onse, pogula ndi posamala pomwe.

Musanasankhe, funsani zinthu ziwiri: kodi zipolopolo zake zimapezeka kwa ogulitsa ovomerezeka mu Lusaka, nanga pa bwalo pali anzanu a gulu lomwelo oti muzidziyesa nawo? Kuwonjezera pa mfuti mudzafuna lamba wolimba, thumba la mfuti lophimba tiriga yonse, magazini anayi kapena asanu, ndi timatumba take.

Mnzake wa taima: chronograph

Major ndi Minor sizidalira pakamwa pa mwini mfuti. Pa mpikisano waukulu amatenga zipolopolo zanu 8. Chimodzi amachiphwasula n'kuyeza kulemera kwa mutu wake, zitatu amaziwombera pa chronograph, makina oyeza liwiro. Kulemerako, m'muyeso wa grain, amachulukitsa ndi liwiro la mafiti pa sekondi, n'kugawa ndi 1000. Mutu wa 124 grain, pafupifupi magalamu 8, wothamanga mafiti 1100 pa sekondi, umapereka 136. Minor imayambira pa 125. Major imayambira pa 160 mu Open, 170 mu Standard, Classic ndi Revolver. Wolembetsa Major akapereweza amatsitsidwira ku Minor. Wopereweza 125 mapointi ake sawerengedwa n'komwe. Liwiro limasintha ndi kutentha, ndiye zipolopolo zoyezedwa mu Okutobala zikhoza kuchita mwina m'mawa wa Juni. Siyani mpata pamwamba pa malire.

Nanga pulesi yolongedzera zipolopolo?

M'maiko amene lamulo limalola, owombera ambiri amatola zigoba zamkuwa n'kuzilongedzanso pa pulesi ya Dillon, Lee, RCBS kapena Hornady, pofuna kuchepetsa mtengo ndi kupeza mphamvu yoyenera gulu lawo. Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: chigoba, pulaima yoyatsa moto, onga, ndi mutu. Pulesi ina imagwira ntchito imodzi pa nthawi. Ina imatulutsa chipolopolo chathunthu mukangokoka mkono wake kamodzi.

Ngozi zake zazikulu ndi ziwiri. Onga ukathiridwa kawiri m'chigoba chimodzi, mfuti imaphulikira m'manja. Ukaiwalika, mutu umatsakamira mu mpope, ndipo chotsatira chikawomberedwa mpopewo umang'ambika. Mukamva mfuti yangoti phu m'malo molira bwino, imani pomwepo. RO nayenso akuimitsani. Palinso mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana, ndi onga umene sufunika kuyandikana ndi mbaula. Miyeso ya onga siitengedwa kwa mnzako kapena pa WhatsApp, koma m'buku la kampani yopanga ongawo. N'chifukwa chake kapepala aka sikakupatsani muyeso uliwonse, ndipo tikuti woyamba kumene agule zipolopolo za ku fakitale.

Lamulo ndi ndondomeko yoyambira

Mfuti ndi zipolopolo mu Zambia zili pansi pa lamulo la Firearms Act, Chapter 110. Kukhala nazo popanda laisensi ndi mlandu. Musagule pulesi, onga kapena pulaima musanafunse apolisi oona za mfuti ndi kulandira yankho lolembedwa. Taima yokha ndi wotchi chabe, siwombera kanthu.

1. Funsani kwa ogulitsa mfuti ovomerezeka za kalabu yolembetsedwa, mupite kukaonerera tsiku la mpikisano.
2. Gulani magalasi ndi zotseka m'makutu.
3. Dziperekeni kuthandiza kumata zandamale ndi kulemba mapointi. Mudzaphunzira kuwerenga taima mutaima pambali pa RO.
4. Chitani maphunziro a chitetezo ndi mlangizi wa kalabu.
5. Sankhani gulu, kenako yambani za laisensi, mutakonzeratu sefa yokhoma yosungiramo mfuti.
6. Gulani mfuti yogwirizana ndi gulu mwasankhalo.