Sukulu ya Mishoni ku Kabwe ndi Bwalo Lace

1. Mzinda wa Kabwe

Ana inu, tsegulani mapu a dziko la Zambia, ndipo ikani cala canu pa Lusaka. Tsono tsatani njanji kunka kumpoto. Mukayenda makilomita pafupifupi 140 mudzafika pa mzinda wa Kabwe, umene uli likulu la Cigawo Capakati. Eni dziko kumeneko ndiwo Alenje, koma m'misika ndi m'makomboni mudzamvanso Cibemba, Cinyanja ndi zinenero zina, pakuti anthu anadza kucokera kutali kudzafuna nchito.

Cimene cinawaitana ndiwo mgodi. M'caka ca 1902 Mzungu wina wofufuza miyala, dzina lace T. G. Davey, anapeza mwala wa mtovu ndi wa zinki pa malo amenewa. Iye anawacha malowo Broken Hill, potengera dzina la mzinda wina wa migodi ku Australia. Mtovu ndi citsulo cofewa ndi colemera cimene amapangira mabatire a galimoto, ndipo zinki ndiyo amakutira nayo malata kuti asacite dzimbiri. Njanji inafika mu 1906, ndipo mzinda unakula msanga. Mu 1921 anthu okumba anapeza m'phanga cigaza ca munthu wakalekale, cimene cinatengedwa kunka ku London. Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Broken Hill linaleka, mzinda nuchedwa Kabwe. Mgodi unatsekedwa mu 1994, utagwira nchito zaka pafupifupi 90.

2. Masukulu a Mipingo

Kumene kwasonkhana anthu sikusowa ana, ndipo ana afunika kuphunzira. Cifukwa ca ici mipingo ya Cikristu inamanga machalichi pamodzi ndi masukulu. Ansembe a Ciyezuiti ocokera ku Poland anagwira nchito m'dera lino, ndipo mu 1927 Broken Hill inakhala likulu la mishoni yao. Pambuyo pace likululo linasamukira ku Lusaka, koma mu 2011 Kabwe analandira dayosizi yaceyace.

Mwa masukulu odziwika muli Caritas Convent, ya atsikana, ndi St. Paul's ya ku Mulungushi, imene ayang'anira Abale a Marist. Gulu la Abale amenewa analiyamba ndi wansembe wa ku France, Marcellin Champagnat, mu 1817, ataona kuti ana a kumidzi analikukula osadziwa kuwerenga. Masukulu awiriwa ndi a sekondale, koma alipo enanso a ana a msinkhu wanu. Tiyeni tiyerekeze kuti tanka kukaceza pa sukulu imodzi yotere, tione m'mene tsiku lace liyendera.

3. Kuyambira M'mawa

Dzuwa lisanakwere ana ali kale m'njira, mabuku ali m'manja. Akafika sayamba ndi kusewera iai. Ena atola zinyalala, ena apukuta mabenci, ena asesa m'zipinda. Koma taonani cinthu cimodzi: asanasese ayamba awaza madzi pansi. Sungani ici mumtima, cifukwa cace mudzacimva posacedwa.

Belu likalira onse aima m'mizere, kalasi ndi kalasi. Ayamba ndi pemphero ndi nyimbo, ndipo mphunzitsi wamkulu awerenga mau pang'ono a m'Baibulo. Pamenepo aphunzitsi ayendera mizere kuyang'ana zikhadabo, tsitsi ndi zobvala. Mwana wa malaya azigamba sadzudzulidwa, pakuti umphawi si mlandu. Koma wa zikhadabo zazitali ndi zakuda auzidwa kuti akawenge.

M'kalasi aphunzira Masamu, Cingerezi, Sayansi, za dziko lao ndi za cipembedzo. Pa benci limodzi pakhala Mlenje, Mbemba ndi Mcewa. Atate ace a wina agwira nchito ku njanji, amai ace a wina agulitsa tomato pa msika, ndipo wina ndi wamasiye amene aleredwa ndi agogo ace. Si onse a mpingo umodzi, koma sukulu iwalandira onse, ndipo lamulo lace ndi limodzi kwa ali yense. Amene wamva msanga samu ya kugawa samangokhala ndi kunyada, koma atembenukira kwa mnzace namuonetsa njira. Mwana akadwala, anzace amlembera zimene zaphunzitsidwa, namtengera kwao. Pakagwa maliro pa nyumba ya mmodzi wa iwo, aphunzitsi ndi ana akulu anka kukapepesa. Umu ndimo ana aphunzirira kuti kukonda mnzako si mau a pa Lamulungu pokha, koma ndi nchito ya masiku onse.

4. Pa Bwalo

Maphunziro akatha, ana athamangira ku bwalo. Anyamata ndi atsikana ena amenya mpira wa miyendo, ena aponya mpira wa manja. Mpira weniweni ukaphulika masewera saima iai, pakuti ana a ku Zambia adziwa kumanga cimpombwa ndi mapepala a pulasitiki ndi zingwe. Ana ang'ono akhala pansi pa mtengo namacita ciyato, kuponya mwala m'mwamba ndi kukokolola timiyala m'kadzenje.

Ana a ku Kabwe ali ndi cifukwa cokondera mpira. Mzinda wao ndiwo kwao kwa timu yochuka ya Kabwe Warriors, imene inakulira pakati pa anchito a njanji. M'timu imeneyi munali Godfrey Chitalu, amene anthu anamucha Ucar. M'caka cimodzi cokha, 1972, iye anamwetsa zigoli 107. Pambuyo pace anakhala mphunzitsi wa timu ya dziko lonse, ndipo anafera pamodzi ndi anyamata ace pa ngozi ya ndege pafupi ndi gombe la Gabon mu Epulo 1993. Lero bwalo la Warriors lichedwa ndi dzina lace.

Mnyamata ali yense afuna kukhala ngati Chitalu, ndipo ici si coipa. Koma mphunzitsi wa masewera awakumbutsa kuti ngakhale Chitalu sakadamwetsa zigoli zonse zija popanda anzace khumi omtumizira mpira ndi ochinga kumbuyo. Wosewera wodzikonda, amene akana kupatsira mnzace, agonjetsa timu yace yomwe. Pa bwalo ndi pamene mwana aphunzira kumvera woyimbira, kupirira akagwa, kupambana mosanyoza ndi kugonja mosakwiya. Mpira ukatha matimu awiri agwirana canza. Kenaka onse afola pa ndowa ya madzi ndi sopo, ndipo palibe aloledwa kudya kanthu asanasambe m'manja. Icinso cili ndi cifukwa cace.

5. Mdani Wosaoneka

Tsono mverani bwino, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Zaka zonse zimene mgodi unalikugwira nchito, utsi wa m'ng'anjo zosungunulira mwala unalikugwetsa timtovu ting'onoting'ono pa nthaka ya mzinda. Zotsalira za m'ng'anjo anaziunjika pamodzi, ndipo zinapanga cimulu cacikulu cimene anthu acicha Black Mountain, ndiko kuti Phiri Lakuda. Mgodi unatsekedwa, koma mtovu sunacoke. Tsamba limaola, citsa cimadyedwa ndi ciswe, koma mtovu suola. Ukhala m'dothi zaka ndi zaka.

M'nyengo ya cilimwe, makamaka mu Ogasiti ndi Sepitembala, nthaka iuma ndipo mphepo inyamula pfumbi nilowetsa m'nyumba ndi m'mabwalo. Makomboni oyandikana ndi mgodi, monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndiwo asauka koposa. Akatswiri oyesa nthaka ndi magazi apeza kuti Kabwe ndi amodzi mwa malo oipitsidwa kwambiri ndi mtovu pa dziko lonse lapansi.

Kodi mtovu ulowa bwanji m'thupi? Ulowa pa njira ziwiri: pakamwa ndi pamphuno. Mwana akasewera pa dothi, nadya mbatata kapena cimanga ndi manja apfumbi, wameza mtovu. Akathamanga m'pfumbi, waupuma. Thupi la mwana limwa mtovu wambiri kuposa la munthu wamkulu, ndipo limwa koposa ngati m'mimba mulibe kanthu. Ukalowa uyenda ndi magazi, wina nukhazikika m'mafupa, wina nufika ku ubongo.

Coopsa cace ndi cakuti kawirikawiri mwana saoneka wodwala. Nthawi zina amva mutu kapena m'mimba, atopa msanga, magazi amcepera. Koma cionongeko cacikulu cicitika mwakacetecete: mwana ayamba kuiwala, alephera kukhazika mtima pa phunziro, ndipo kuwerenga kumbvuta. Mtovu ukacuruka kwambiri ukomola, ngakhale kupha kumene. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, anena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosaopsa. Ndipo cimene mtovu waononga mu ubongo sicibwerera msanga, kapena sicibwerera konse.

Cifukwa cace, ana inu, musamaseke mnzanu amene acedwa kumva m'kalasi, kapena kumucha waulesi. Zifukwa zocedwetsa mwana ndi zambiri: njala, matenda, cisoni ca kunyumba. Ku Kabwe cimodzi ca izo cikhoza kukhala mtovu, ndipo mwanayo sanalakwe kanthu. Afunika thandizo, osati citonzo.

6. Mutu Umodzi Susenza Denga

Nanga tinene kuti ana a ku Kabwe aleke kusewera? Iai ndithu. Mwana wosasewera sakula bwino, ndipo mukamtsekera bwalo la sukulu adzanka kukasewera pa malo oipa koposa, ngakhale pafupi ndi Phiri Lakuda. Cofunika ndi kukonza bwalo ndi kusunga malamulo a ukhondo.

Nchito yaikulu yocotsa dothi loipa ndi kukwirira zotsalira za mgodi ndi ya Boma ndi akatswiri, pakuti ifuna makina ndi ndalama zambiri. Mu 2016 Banki ya Dziko Lonse inabvomera kuthandiza Boma la Zambia pa nchito yotere, ndipo ana ambiri anayesedwa magazi, ena nalandira mankhwala. Koma bvutoli silinathe, ndipo ziripo zina zimene sukulu ndi makolo akhoza kucita okha osadikira munthu.

Coyamba ndi kubzala kapinga pa bwalo ndi mitengo m'mbali mwace, pakuti dothi lophimbidwa siliuluka. Nchito iyi siingatheke ndi aphunzitsi okha. Makolo adza pa Loweruka ndi makasu ao, a mpingo athandiza ndi mbeu, ndipo kalasi iri yonse ipatsidwa cigawo cace coti izithirira. Kapinga akali wanthete, osewera ayenera kudziletsa ndi kusewera mbali ina kufikira atagwira. Kudikira kotere ndi kowawa kwa mnyamata wokonda mpira, koma wodikira adzasewera pa bwalo labwino, iye ndi ang'ono ace omwe.

Caciwiri ndi kuwaza madzi musanasese, ndi kupukuta mabenci ndi nsalu yonyowa. Tsache louma silicotsa pfumbi, lingoliulutsa kuti mulipume.

Cacitatu ndi kusamba m'manja ndi sopo mukacoka kosewera ndiponso musanadye, ndi kuwenga zikhadabo. Ciyato cicitikire pa simenti kapena pa mphasa, osati pa dothi. Ndiwo zamasamba ndi zipatso muzitsuke bwino, ndipo madzi akumwa akhale obvundikira.

Cacinai ndi cakudya. Mwana asapite ku sukulu ndi njala. Kapenta, mkaka, mazira, nyemba ndi ndiwo zamasamba zilimbitsa mafupa ndi magazi, ndipo thupi lokhuta zakudya zotere silimwa mtovu wambiri.

Cacisanu ndi kunka ku cipatala. Maso sangaone mtovu m'thupi. Kuyesa magazi kokha ndiko kuulula. Inu amene muli ndi ang'ono anu okwawa, muziwayang'anira kuti asadye dothi, pakuti iwo ndiwo ali pa ngozi yoposa. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Tsono mwadziwa cifukwa cimene ana aja anawazira madzi m'mawa, ndi cifukwa cimene anafolera pa ndowa madzulo. Pa sukulu yotere pemphero, buku, mpira ndi khasu siziri zinthu zosiyana. Mkristu akhulupirira kuti thupi ndi nzeru ndi mphatso zocokera kwa Mulungu, ndipo mphatso isamalidwa. Mwana amene wathirira kapinga lero watumikira mnzace amene sanabadwe.

Mau Ofunika Kuwadziwa

Mgodi: dzenje lalikulu kumene anthu akumba miyala ya mtengo wapatali.
Ng'anjo: malo a moto waukali osungunulira mwala.
Dayosizi: dera la mpingo limene ayang'anira bishopu.
Cimpombwa: mpira womanga ndi mapepala ndi zingwe.

Mafunso

1. Kodi mzinda wa Kabwe unali kuchedwa ciani kale, ndipo dzinalo linacokera kuti?
2. Mgodi unatsekedwa caka citi? Papita zaka zingati kufikira caka cino?
3. Fotokozani m'mene ana a pa sukulu ija athandizirana m'kalasi ndi kunja kwa kalasi.
4. Godfrey Chitalu anali yani? Mphunzitsi wa masewera aphunzitsa ciani pa mbiri yace?
5. Chulani njira ziwiri zimene mtovu ulowera m'thupi.
6. Cifukwa ninji si bwino kusesa pouma?
7. Longosolani tanthauzo la mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga, monga m'mene wagwirira nchito m'phunziro lino.

Zocita

Yendani ndi aphunzitsi anu kuzungulira sukulu yanu, ndipo jambulani mapu ace. Lembani cizindikiro pa malo onse amene pali dothi losaphimbidwa. Pambuyo pace panganani m'kalasi malo amene mudzayambira kubzala kapinga mvula ikagwa, ndi amene adzathirira tsiku ndi tsiku.